Domingas ndi Belu la Ng'ombe Zosaoneka

A Gaspar anali ndi ngongole. Sinali ngongole ya ndalama. Inali ngongole ya msana.

Domingas ankaidziwa ngongoleyi. Amayi ake, a Alzira, ankainena tsiku ndi tsiku. Ankainena posinja. Ankainena potunga madzi.

"A Gaspar ali mwana, njoka inawaluma kubusa," ankatero amayi. "Anawabereka ndani? Agogo ako. Anawabereka kuchoka kudambo mpaka kwa namwino ku Tsangano. A Gaspar anati, 'Tsiku lina ndidzakuberekani inenso.' Tsikulo lili kuti? Munthu wamera ndevu. Sanabweze."

Domingas analibe nazo ntchito za ngongole. Iye ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti agogo ake asasiyidwe.

Inali nthawi ya nkhondo. Mudzi wa Domingas unali m'mapiri a ku Tsangano. Shikola inatsekedwa, ana sankaphunziranso. Nyumba zambiri zinalibe anthu. Zitseko zinkatseguka zokha ndi mphepo.

Agalu sankauwa. Tambala sankalira. Anthu anapha atambala onse, kuti anthu a mfuti asamve kuti kuno kuli mudzi.

M'mawa uliwonse kunkagwa nkhungu. Nkhungu yoyera. Nkhungu yozizira. Ukatambasula dzanja, zala zako sunkaziona.

Ndipo m'nkhungumo munkamveka belu.

Ngele. Ngele. Ngele.

Linali belu la ng'ombe. Koma m'mudzimo munalibe ng'ombe. Anthu a mfuti anatenga zonse.

Kenaka munkamveka mawu.

"Chikasuuu. Mawangaaa. Nkhwaliii."

Ana ankabisala m'makapulana, zitenje za amayi awo. Domingas sankabisala. Mawuwo ankawadziwa. Anali agogo Agostinho, bambo wa amayi ake. Ankaitana ng'ombe zawo.

Agogo ankaiwala. Ankaiwala kuti adya. Ankaiwala njira ya kuchimbudzi. Ankavala malaya chozondoka. Akamuona Domingas, ankamutcha Terezinha. Terezinha anali mlongo wawo. Anamwalira kalekale.

Kukacha, agogo ankapita kukhola. M'kholamo munali udzu wokha. Agogo ankatsegula. Ankaima pambali, ngati akupatsa njira chinthu chachikulu. Ankasisita mphepo ndi dzanja.

"Pita, Chikasu. Pang'onopang'ono, Mawanga."

Domingas ankayang'ana. Sankaona kanthu. Thupi lake linkachita tsemwe.

Amayi ankatuluka ndi khasu m'manja.

"Ababa, ng'ombe kulibe. Anatenga."

"Anatenga?" agogo ankafunsa. "Ndani? Liti?"

Ndipo ankalira. Ankalira mokweza, ngati amva lero lomwe. Mawa lake ankatsegulanso khola. Amayi ankanenanso. Agogo ankaliranso.

Tsiku lina m'mawa, mphasa ya agogo inalibe munthu. Belu panalibenso.

Domingas anathamangira kukhola. Kunalibe. Anathamangira kudimba la kachewere. Kunalibe.

Kenaka anamva belu. Linkalira kutali, ku mitengo yakuda. Kumeneko kunali manda.

A Gaspar ndi amene anawapeza. Agogo anakhala pafupi ndi mtumbira. Analibe malaya. Mame anali mbuu m'mutu. Ankalankhula ndi munthu wosaoneka.

A Gaspar sanawagwire. Anabwerera chammbuyo. Anathawira kumudzi.

"Madala aja ndi mfiti," anatero. "Ndawaona ndi maso angawa."

Domingas anakawatenga yekha. Anawagwira dzanja. Dzanjalo linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Agogo, mukutani kuno?"

"Ndikudikira Nkhwali, Terezinha. Amatsalira."

Masana a tsiku lomwelo kunabwera mbiri. Anthu a mfuti anali pafupi. Utsi unkaoneka kuseri kwa phiri.

A Gaspar ankadziwa njira ya ku Malawi. Anthu onse otsala anasonkhana pakhomo pawo.

"Tinyamuka mawa ndi nkhungu," anatero a Gaspar. "Palibe kutsokomola. Palibe kulira. Madala atsala."

Domingas anayang'ana amayi ake.

Amayi anaika manja m'chiuno.

"Atsala ndani?"

"Bambo anu, amake Domingas. Amafuula. Amaliza belu. Sayenda msanga. Atiphetsa tonse."

"Akatopa muwabereka. Muli ndi ngongole."

A Gaspar anayang'ana pansi.

"Ndikupatsani thumba la nyemba," anatero.

"Ababa sanakuberekeni ndi nyemba."

"Ndiwonjeza bulangete."

"Bulangete lilibe miyendo. Ndikufuna msana."

"Msana wanga ayi," anatero a Gaspar. Mawu awo anatsika. "Mfiti imakwera anthu. Ikakukwera, suchira. Ine ndigwade ndekha kuti indikwere?"

Palibe anayang'ana amayi. Palibe anayang'ana Domingas.

"Chabwino," anatero amayi. "Ababa akatsala, inenso nditsala. Domingas, iwe upita ndi anthuwa."

Domingas sankafuna kupita wopanda amayi. Sankafuna kupita wopanda agogo. Anatenga ndowa. Anapita kumtsinje kuti akalire payekha.

Kumtsinje nkhungu inali isanachoke. Madzi ankamveka, koma sankaoneka. Domingas anatunga. Atadzutsa mutu, anaona chinthu.

Chinali chachitali. Chinali chotuwa. Chinkabwera pang'onopang'ono. Miyendo yake sinkaoneka.

Domingas anafuna kuthawa. Mapazi anakana.

"Botari, mwana," chinatero chinthucho popereka moni. "Ndimweko madzi?"

Anali mayi. Anafunda bulangete lotuwa. Mapazi awo anali otupa.

"Ndine Dona Joana," anatero atamwa. "Ndine namwino. Ndachokera ku Furancungo. Ndadutsa ku Chidzolomondo wapansi. Ndikuthawa ngati aliyense."

Domingas anapukuta misozi.

"Kodi mumachiza ufiti?"

"Ayi. Ndimayeza odwala. Akudwala ndani?"

"Agogo anga. Amatsegulira ng'ombe zomwe kulibe."

"Tiye ukandionetse," anatero Dona Joana.

Amayi anawayang'ana alendowo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Muli ndi jakisoni?"

"Ndilibe."

"Mapiritsi?"

"Anatha."

"Ndiye mwadzatani? Ine kachewere wanga salipira manja opanda kanthu."

"Sindikufuna kachewere," anatero Dona Joana. "Ndikufuna mpando ndi nthawi pang'ono."

"Dikirani," anatero amayi. "Domingas, kaitane a Gaspar. Adzamve okha. Ine sindibwereza mawu a munthu."

A Gaspar anabwera. Anaima patali, pafupi ndi nkhokwe.

Dona Joana anagwada pamaso pa agogo. Anawapatsa moni ndi manja awiri. Anawagwira pamphumi. Thupi silinali lotentha. Anayang'ana m'maso. Anayang'ana lilime. Anapapasa m'mutu.

"Anagwapo?" anafunsa amayi.

"Ayi."

"Amamwa kachasu?"

"Sanalawepo."

"Kuiwalaku kunabwera tsiku limodzi?"

"Ayi. Kunabwera ngati chiswe. Poyamba ankataya chipewa. Kenaka mayina. Ng'ombe zisanatengedwe n'komwe."

Dona Joana anatembenukira kwa agogo.

"Bambo, ndisungireni mawu awa. Khasu, mchere, nkhuku."

"Khasu, mchere, nkhuku," anatero agogo.

"Tili m'nyengo yanji?"

Agogo anayang'ana kumwamba. Sanayankhe.

"Uyu ndi ndani?" Analoza amayi.

"Ndi mayi wina wolusa," anatero agogo. "Amakhala kuno."

Amayi anatsegula pakamwa. Anatsekanso.

"Nanga mawu ndinakusungitsani aja?"

"Mawu ati?"

"Palibe kanthu. Ndiuzeni za ng'ombe zanu."

Nkhope ya agogo inawala. Anatchula Chikasu. Anatchula Mawanga. Anatchula amayi a Mawanga, ndi agogo a Mawanga. Ananena amene ankamenya mateche. Ananena amene ankaopa mlatho.

Dona Joana anaimirira. Analankhula mokweza, kuti a Gaspar amve.

"Awa ndi matenda. Ndi matenda a ubongo. Ndi matenda oiwala. Kwathu ku ntchito timati demensiya. Amagwira anthu ena akakalamba. Ndawaona mwa aphunzitsi. Ndawaona mwa akulu a mpingo. Si ufiti. Ndipo sapatsirana."

"Nanga kumanda kuja?" anafunsa a Gaspar.

"Njira ya ng'ombe inkadutsa pati?"

A Gaspar anaganiza.

"Inkadutsa pambali pa manda," anatero pang'onopang'ono.

"Ndiye anatsata njira yawo yakale. Mutu wawo uli ngati nkhokwe yosasuka denga. Chimanga cha pamwamba chikuwola. Cha pansi chidakalipo. Za lero amaiwala. Za kale amakumbuka."

"Achira?" anafunsa Domingas.

"Ayi, mwana. Mankhwala ochiza kulibe. Koma chisamaliro chilipo."

"Chineneni," anatero amayi. "Dzuwa likupita."

"Adye pa nthawi yake. Amwe madzi. Asayende okha. Ndipo musiye kuwauza kuti ng'ombe anatenga."

"Ndiye ndizinama?"

"Ayi. Koma mukawauza, amamva ngati koyamba. Mumawabera ng'ombezo m'mawa uliwonse."

Amayi anakhala pansi.

"Akafunsa za ng'ombe, afunseni nanunso za ng'ombezo," anatero Dona Joana. "Lowani kumene iwo ali. Ndipo apatseni ntchito imene manja awo akuidziwa."

A Gaspar anapukusa mutu.

"Kaya ndi matenda, kaya n'chiyani. Amafuulabe. Belu amalizabe. Ukawalanda, amalira mpaka phiri limayankha. Akakhala chete, abwere. Akapanda kutero, atsala. Koma msana wanga muuiwale."

A Gaspar anapita.

Domingas anakhala pafupi ndi agogo. Belu linali pa miyendo yawo. Anakumbukira mawu a Dona Joana. Lowani kumene iwo ali.

"Agogo," anatero, "ng'ombe zanu zinkaopa chiyani?"

"Afisi, Terezinha. Afisi a m'chigwa."

"Nanga mukamadutsa m'chigwamo, munkatani?"

Agogo anayang'ana uku ndi uku. Anatsitsa mawu.

"Umazula udzu. Umaupana m'belu. Belu limagona. Mbusa nayenso saitana. Salizanso mluzu. Fisi ali ndi makutu."

"Ndionetseni."

Agogo anazula udzu. Zala zawo sizinanjenjemere. Anaupana m'belu. Anagwedeza belulo. Silinalire.

Anaika chala pakamwa.

Domingas anaika chala pakamwa nayenso.

Kutacha, nkhungu inali yochuluka kuposa masiku onse. Anthu anaima pamzere ndi mitolo pamutu. Dona Joana analinso pamzerewo. Onse ankaoneka ngati zitsa.

Agogo anapita kukhola. Amayi anawatsatira. Anatsegula pakamwa. Domingas anawakoka kapulana.

Amayi anameza mawu awo.

"Ababa," anatero. "Mawanga ali bwanji lero?"

"Akutsimphina pang'ono."

"Agogo," anatero Domingas, "lero tidutsa m'chigwa. Kuli afisi."

Agogo anawerama msanga. Anazula udzu. Anaupana m'belu. Analigwira pachifuwa ndi manja awiri.

A Gaspar anaona zonsezi. Anayamba kuyenda.

Anayenda. Anadutsa minda yosakolola. Anadutsa mudzi wopserera. Panali mphika pamafuwa. Panalibe wophika. Panali nsapato imodzi ya mwana pakati pa njira.

Palibe analankhula. Mayi wina anatsokomola pang'ono. Agogo anatembenuka. Anamuyang'ana mwaukali. Anaika chala pakamwa.

Anayenda. Anakwera. Anatsika.

Anafika pachigwa chakuya. Pansi panali mtsinje. Kutsidya kunali chitunda chachitali. Anawoloka. Madzi ankaluma miyendo.

Atawoloka, agogo anakhala pansi. Mapazi awo ankatuluka magazi. Amayi anawakoka. Sanadzuke. Dona Joana anawagwira m'khwapa. Sanadzuke.

Ndipo m'nkhungumo munamveka kanthu.

Kunali kuseka. Kuseka kwa amuna. Kunamvekanso chitsulo chikugunda chitsulo. Sankaoneka. Koma anali pafupi, kumtunda kwa mtsinje.

Anthu onse anauma.

Agogo anayang'ana m'mbuyo. Maso awo ankafunafuna.

"Nkhwali watsalira," ananong'ona.

Anakoka mpweya. Chifuwa chinakwera. Ankafuna kuitana.

Domingas anagwira tsaya lawo. Anaika pakamwa pake pakhutu lawo.

"Agogo, mwamva kusekako?"

Agogo anamvetsera.

"Afisi," ananong'ona.

"Mbusa saitana," anatero Domingas.

"Saitana," anavomera agogo. Mpweya unatuluka pang'onopang'ono. Anakumbatira belu lawo.

Koma kudzuka sanadzuke.

Anthu anayamba kukwera chitunda mwakachetechete. Mmodzi mmodzi ankalowa m'nkhungu. Amayi sanasunthe. Anatula mtolo wawo. Anakhala pafupi ndi bambo awo. Analoza Domingas kuti atsate anthu.

Domingas anakana ndi mutu. Nayenso anakhala pansi.

A Gaspar anali atakwera kale pang'ono. Anatembenuka. Amayi sanalankhule. Sakanatha kulankhula. Anangowayang'ana. Kenaka anadzimenya pamsana ndi dzanja, kamodzi.

Kuseka kuja kunamvekanso. Kunali pafupi kuposa poyamba.

A Gaspar anayang'ana madala aja. Anaona nkhalamba yoonda. Anaona mapazi a magazi. Anaona belu lodzaza udzu.

Anatsika. Anapatsa Dona Joana katundu wawo. Anagwada.

Amayi anakweza agogo pamsanapo. Anavula kapulana imodzi. Anawamanga nayo ngati khanda.

A Gaspar anaimirira. Anadikira. Palibe chinachitika. Agogo anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.

Anakwera chitunda. Domingas anali m'mbuyo, atagwira phazi la agogo. Thukuta linkatsika m'khosi mwa a Gaspar. Agogo anawasisita m'mutu.

"Usalire, Gaspar," ananong'ona. "Mwendo upola. Tatsala pang'ono kufika."

Domingas anaona madzi akugwa m'ndevu za a Gaspar. Silinali thukuta lokha.

Atafika pamwamba, kuseka kuja sikunamvekenso. A Gaspar anapuma mwamphamvu. Anayamba kumasula kapulana.

"Mukutani?" ananong'ona amayi.

"Ndawabereka. Tafika pamwamba."

"Ababa sanakutuleni pamwamba. Anakutulani pakhomo pa namwino. Mukuona khomo pano?"

A Gaspar anamanganso kapulana.

Anayenda. Anayenda. Nkhungu inayamba kuchepa. Mitengo inaoneka. Dzuwa linaoneka. Kenaka Domingas anamva chinthu chimene anali atachiiwala.

Tambala analira.

Anali atafika ku Malawi. Panali nyumba za anthu. Panali utsi wa kuphika. Mayi wina wa kumeneko anawaona. Anayala mphasa pakhomo pake.

A Gaspar anagwada pamphasapo. Amayi anamasula kapulana. Dona Joana anapempha madzi ofunda. Anatsuka mapazi a agogo. Anaonetsa Domingas mmene amamangira chilonda.

"Mawa adzaiwala kuti tili kuno," anatero Dona Joana. "Adzafunsa. Mawa linalo adzafunsanso."

"Ndidzayankha," anatero Domingas.

"Tidzasinthana," anatero amayi. "Iwe uli ndi shikola yoti ukaipeze."

Agogo anayang'ana uku ndi uku.

"Afisi apita?"

"Apita, agogo."

Agogo anachotsa udzu m'belu. Analigwedeza. Linalira padzuwa, ndipo palibe anaopa. Ana a pamudzipo anabwera kudzaona.

Agogo anayang'ana Domingas nthawi yaitali.

"Kodi iwe ndiwe mwana wa yani?"

"Wanu, agogo."

"Wanga? Ndiye ndili ndi mwayi."

Amayi anamasula mtolo. Anatulutsa kachewere wophika. Anapatsa agogo. Anapatsa Domingas. Anapatsa Dona Joana awiri. Wamkulu kwambiri anamusunga m'manja.

A Gaspar anali chigonere pa udzu. Ankadzisisita m'chiuno.

"Amake Domingas," anatero. "Nanga tsopano?"

Amayi anayang'ana khomo. Anayang'ana mphasa. Anayang'ana bambo awo akudya.

Anaponya kachewere wamkulu uja pachifuwa cha a Gaspar.

"Yatha," anatero. "Idyani."